Bampala yasweka? Konzani pakhomo, koma musaikepo zitsulo zopha anthu

Dzinja likamatha, galimoto zoyenda m'misewu ya kumidzi zimaonekera kutsogolo kuti zaona zakuda. Pitani pa Mponela, pa Jenda, pa Lizulu kapena pa Thondwe tsiku la msika, mukapeza ma Land Cruiser, ma Hilux, ma Pajero ndi ma Prado atandandalika m'mbali mwa msewu. Ina bampala ikulendewera mbali imodzi, ina yamangidwa ndi waya kapena linya, ina ilibiretu bampala moti rediyeta ili pamtetete. Matope, zitsa, maenje, miyala ya pamadooko a mitsinje ndi mbuzi zongodumphira mumsewu ndizo zimachita zonsezi.

Eni galimoto ambiri masiku ano akusankha kusintha okha bampala pakhomo, ndipo ife tikuti akuchita bwino. Ntchitoyi si yovuta ngati kuphwasula injini. Munthu wodekha, atapeza mnzake womugwirira, angathe kuimaliza Loweruka limodzi. Koma pali nkhani ina imene ikutidetsa nkhawa. Ambiri akachotsa bampala yoswekayo sakubwezerapo inzake. Akupita kwa owotcherera kukapangitsa chimpanda cha mapaipi ndi zitsulo zochindikala, chija amati bull bar, n'kuchimangirira kutsogolo kwa galimoto. Maganizo athu ndi akuti chitsulo chotere chilibe malo m'misewu yodutsa pakati pa misika yathu. Chimateteza nyali ndi penti, koma amene amalipira ndi mwana wasukulu, mayi wosenza dengu ndi mnyamata wa kabaza.

Tiyambe ndi kuyamikira odzikonzera okha. Aliyense akudziwa momwe zipangizo za galimoto zidakwerera mtengo, makamaka ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pafupifupi chilichonse cha pagalimoto chimachokera kunja kwa dziko lino. Banja limene limadalira pikiapu yake kunyamula chimanga, soya ndi mtedza, kapena kuthamangitsira odwala kuchipatala, silingakwanitse kuisiya kugalaja ya mumzinda sabata yathunthu. Kudziwa kumasula ndi kumanga bampala n'kupulumutsa ndalama ya fizi ndi ya feteleza. Komanso mwini galimoto amene adagwirapo sipanala sanamizidwa wamba akapita nayo kokonzetsa.

Koma musanagwire sipanala, yambani mwadzifunsa kuti chidaswa bampalayo n'chiyani. Ngati mudagunda chitsa kumunda kapena mudalowa m'dzenje, imeneyo ndi nkhani yanu nokha. Ngati mudagunda munthu, njinga, chiweto cha eni ake kapena galimoto ina, nkhaniyo iyambe yafika kupolisi ndi kukampani ya inshulansi. Kusintha bampala usiku n'cholinga chofafaniza umboni n'kudziunjikira mlandu pamwamba pa mlandu. Ngakhale amene inshulansi yawo imalipira kuwonongeka kwa galimoto yawo yomwe, adikire kuti akampani aione kapena aijambule kaye. Akakupezani mutamasula kale zonse, mwawapatsa nokha chifukwa chokanira kulipira.

Nanga ntchito ya bampala n'chiyani kwenikweni? Ambirife timaiona ngati chishango chimene chiyenera kulimba kuposa china chilichonse. Akatswiri opanga galimoto adawasiya kalekale maganizo amenewa. Mu 1952 injiniya wa kampani ya Mercedes-Benz, Béla Barényi, adalembetsa nzeru yakuti kutsogolo ndi kumbuyo kwa galimoto kuzikhala kofewerapo kuti kuzikhwinyata pangozi, koma malo okhala anthu azikhala olimba. Galimoto yoyamba ya kapangidwe kotere idatuluka mu 1959, ndipo lero makampani onse akuluakulu amatsata nzeru yomweyo. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mphamvu ya kugundana iyenera kukathera penapake. Ikapanda kuthera m'chitsulo chimene chikupindika, ikathera m'chifuwa, m'khosi ndi m'mutu mwa anthu.

N'chifukwa chake bampala ya galimoto yamakono ili ndi magawo angapo. Kunja kuli chikuto cha pulasitiki, m'kati mwake muli siponji yolimba, kumbuyo kuli mtanda wachitsulo, ndipo mtandawo umagwira chasisi kudzera pa mabulaketi amene adapangidwa dala kuti azipindika. Pa galimoto zachikale monga Land Cruiser ya mtundu wa 70, imene idayamba kupangidwa mu 1984, kapena ma Hilux a zaka za m'ma 1990, bampala ndi chitsulo chopyapyala chopindidwa, chogwidwa ndi mabawuti ochepa chabe. Ngakhale pamenepo, bampala ndi mabulaketi ake n'zofooka kuposa chasisi. Cholinga n'chakuti chotchipa chiwonongeke kuti chodula chipulumuke. Choncho bampala yanu ikasweka musaitukwane, yagwira ntchito imene adaipangira.

Kusintha kwake kumayamba dzulo lake. Tsukani matope onse a kutsogolo ndi a pansi kuti mabawuti aoneke, muwathire mafuta omasula dzimbiri monga WD-40, agone nawo usiku wonse. Galimoto za ku Japan nthawi zambiri zimafuna masipanala ndi masoketi a 10, 12, 14, 17 ndi 19. Onjezeraniponi pulayala, sikuludiraiva, tepi yoyezera ndi magolovesi. Sipanala yokula kuposa bawuti imadya makona a mutu wake, ndipo ntchito ya ola limodzi imasanduka ya tsiku lonse. Bawuti ikakana musalimbane nayo mwaukali. Ithireninso mafuta, muibweze pang'ono ngati mukumanga, kenaka muyesenso kumasula. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

Imikani galimoto pamalo osatsetsereka, mukoke handibuleki, muisiye m'giya ndipo mutchinge matayala ndi miyala kapena njerwa. Galimoto zamtunduwu n'zazitali kale moti jeke safunika kwenikweni. Ngati mwaikweza, musayerekeze kulowa pansi ili pajeke pokha. Ana aang'ono aonerere chapatali. Kenaka masulani waya wa negativi pabatire, uja wa chizindikiro chochotsera, ndipo mudikire. Mabuku a Toyota amati mudikire masekondi osachepera 90, koma mphindi zisanu sizingakupwetekeni. Chifukwa chake n'chakuti zipangizo za airbag zimasunga moto kwa kanthawi ngakhale batire litachotsedwa. Mawaya ndi mapulagi achikasu ndi a airbag. Musawadule, musawakoke, ndipo musamenye ndi hamala pafupi ndi tizipangizo timene amalowamo.

Musanamasule kanthu, jambulani ndi foni mbali zonse, pansi pomwe, kuti pobwezeretsa musadalire mutu wokha. Chotsani nambala puleti, timapini tapulasitiki, ndi mapulagi a nyali zimene zili pabampalapo. Pa galimoto zina muyenera kuyamba mwachotsa gilili. Mabawuti a malo amodzi aikeni m'chitini chawochawo. Mukafika pa mabawuti akuluakulu ogwira chasisi, amasuleni pang'onopang'ono mbali zonse ziwiri, musiye imodzi kumanja ina kumanzere mpaka mnzanu atagwira bwino. Mutu umodzi susenza denga. Kumbukiraninso kuti bampala yopindika ili ngati msampha. Imatha kufwamphuka bawuti yomaliza ikangomasuka, n'kukutemani chala kapena kukumenyani kumaso.

Bampala ikatsika, musathamangire kumanga yatsopano. Phindu lalikulu la kudzigwirira nokha ntchitoyi n'lakuti mumaona ndi maso anu zimene zidabisika kumbuyo. Yang'anitsitsani nsonga ziwiri za chasisi. Penti yosendeka kapena mzera wa dzimbiri latsopano ndi chizindikiro chakuti chitsulo chidapindika pamenepo. Yezani ndi tepi mopingasa, kuchokera pabowo la kumanzere kutsogolo kufika pabowo la kumanja chakumbuyo, kenaka muchite chimodzimodzi mbali inayo. Miyezo iwiriyo iyenera kufanana. Onani ngati rediyeta siikudontha, ngati fani siikukhula paliponse, ngati loko wa boneti akugwira bwino, ndiponso ngati mabulaketi a nyali sadathyoke. Boneti yotseguka galimoto ili paliwiro imaphimba galasi lonse, dalaivala osaonanso kanthu.

Pali malire amene ntchito ya pakhomo iyenera kulekera. Ngati chasisi chapindika kapena chang'aluka, ngati chiwongolero chikukokera mbali imodzi kuchokera tsiku la ngoziyo, kapena ngati nyali ya airbag padashibodi siikuzima, ikani masipanala pansi. Chizolowezi chowotcha chasisi ndi moto wa gasi, n'kuchikoka ndi tcheni chomangirira kumtengo wa mango, n'choopsa. Moto umasintha kulimba kwa chitsulo. Chimaoneka chowongoka kunja, koma chimadzathyoka pamalo omwewo tsiku limene mwadzaza matumba. Amakaniko odziwa ntchito alipo m'maboma onse, ena adaphunzira ku Lilongwe Technical College, ku Soche, ku Nasawa ndi m'makoleji ena a ntchito zamanja. Apezeni. Safunsa adadya phula.

Ngati kumbuyo kuli bwinobwino, chatsala n'kupeza bampala yoyenera. Dzina lokha la galimoto silokwanira. Zambiri mwa galimoto zathu zidabwera zogwirapo kale ntchito kuchokera ku Japan kudzera padoko la Dar es Salaam kapena la Durban, pomwe zina zidapangidwa ku South Africa kapena ku Thailand, ndipo mabowo ndi mabulaketi ake amasiyana. Koperani nambala ya mtundu imene ili pakalata kachitsulo pafupi ndi injini kapena pafelemu ya chitseko, monga KZJ95, LN106, KUN25 kapena HZJ79. Popita ku Ndirande mumzinda wa Blantyre kapena ku Biwi ndi ku Malangalanga mumzinda wa Lilongwe, tengani nambalayo, zithunzi ndi mabulaketi akale. Bampala yochotsedwa pagalimoto ina yakufa ilibe vuto ngati siidapindike. Koma funsani lisiti. Wogula katundu wotchipa modabwitsa ndiye amalimbikitsa akuba amene mawa adzamasula galimoto yake yomwe.

Pamenepa ndi pomwe mayesero amafikira. Mwamva mtengo wa bampala, mutu wazungulira. Mnzanu akuti: "Achimwene, osataya ndalama. Pitani kwa owotcherera akupangireni ya mapaipi, simudzagulanso ina mpaka kalekale." Zifukwa zake zimamveka zokoma. Ati mbuzi ndi ng'ombe zachuluka mumsewu. Ati mukatitimira m'matope pamakhala pomangirira chingwe. Ati minibasi zimakupatsani ulemu zikaona chitsulo. Ena sanena, koma mumtima akufuna kuti galimoto izioneka yaukali. Sitikunyoza munthu wofuna kuteteza chuma chake chimene adachipeza movutikira. Koma tiyeni tiziyese zifukwazi chimodzichimodzi.

Zitsulozi zidatchuka kwambiri ku Australia, komwe madalaivala amayenda mitunda italiitali osaona mudzi, ndipo chimene amaopa ndi nyama zotchedwa kangaroo zimene zimadumphira mumsewu usiku. Dziko limenelo lili ndi anthu osakwana 4 pa sikweya kilomita imodzi. Kuno kwathu kalembera wa mu 2018 adapeza anthu oposa 17.5 miliyoni, kutanthauza anthu 186 pa sikweya kilomita imodzi. Msewu wa M1 umadutsa pakati penipeni pa misika monga Chimbiya, Lizulu, Mponela ndi Jenda, pomwe tomato ndi mbatesi zimayalidwa pafupi ndi phula. Chimene dalaivala wa kuno angakumane nacho mwadzidzidzi si kangaroo, ndi munthu. Ndipo ngakhale ku Australia komweko adaona vuto, moti mu 2002 adakhazikitsa muyezo wa momwe zitsulozi ziyenera kupangidwira pofuna kuteteza oyenda pansi.

Taganizirani zimene zimachitika m'thupi la munthu wogundidwa. Galimoto yaing'ono imamenya miyendo, munthu n'kugwera paboneti, boneti n'kubonyoka. Mphamvu ija imamwazika pamalo aakulu, ndipo ambiri amapulumuka ngati liwiro lidali lochepa. Galimoto za 4x4 n'zazitali kale, zimamenya m'chiuno ndi m'chifuwa. Tsono mukaikapo paipi yosapindika, mphamvu yonse imasonkhana pamzera umodzi wopapatiza. Aliyense amadziwa kusiyana kwa kumenyedwa ndi chikhatho ndi kumenyedwa ndi mpini. Choopsa koposa n'chakuti paipi ya pamwamba imakhala pamulingo wa mutu wa mwana wa Sitandade 1 kapena 2. Komanso m'malo mogwera paboneti, wogundidwayo amakankhidwira kutsogolo n'kugwa pansi, pomwe matayala akubwera.

Izi si nkhambakamwa. Lipoti la bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO la mu 2023 lidati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi za pamsewu chaka chilichonse, ndipo oposa theka la anthu amenewa ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Lipotilo lidatinso ngozi za pamsewu ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka zapakati pa 5 ndi 29, ndipo poyerekeza ndi chiwerengero cha anthu, chigawo cha Africa ndicho chili patsogolo pa imfa zotere. Anthu akutchulidwawa tikuwadziwa. Ndi amene amadzaza misewu ya m'matauni mwathu m'mawa uliwonse, ena kupita kusukulu, ena kuchigayo, ena kusikelo.

Maiko ena adachitapo kanthu. Mu 2005 maiko a m'bungwe la European Union adakhazikitsa lamulo lakuti chitsulo chilichonse choika kutsogolo kwa galimoto chiziyamba chayesedwa ngati sichivulaza mopitirira muyezo munthu woyenda pansi, ndipo kuyambira mu Meyi 2007 kugulitsa zosayesedwa kudaletsedwa, ku Britain komwe. Mu Disembala 2017 boma la India lidalamula zigawo zake zonse kuti zithane ndi galimoto zoika zitsulo zotere popanda chilolezo. Nkhani ya ku India itiphunzitse kanthu, chifukwa kumenekonso misewu imakhala yodzaza ndi anthu, njinga ndi ng'ombe monga kuno. Ng'ombe adali nazo, koma adaona kuti moyo wa munthu ndiwo uli patsogolo.

Mwina wina anganene kuti zimenezo n'za anthu akunja kwa galimoto, iye akuteteza banja lake. Ayi ndithu, banjalo nalo lili pachiswe. Airbag imatseguka m'kanthawi kochepa kuposa kuphethira kwa diso, ndipo tizipangizo toilamula tidatcheredwa molingana ndi momwe bampala ya kufakitale imakhwinyatira. Mukaikapo chitsulo cha mtundu wina, airbag itha kutseguka pamene siikufunika, kapena kuchedwa pamene ikufunika. Chachiwiri, chitsulo chosapindika chimapititsa mphamvu yonse kuchasisi ndi kwa anthu okwera. Ngozi imene ikadangowononga bampala imapinda chasisi. Chachitatu, chimpandacho chikagundidwa pakona imodzi chimagwera chonse chakumbuyo, n'kuphwanya boneti, nyali zonse ziwiri ndi rediyeta nthawi imodzi. Pofuna kupulumutsa zochepa mwataya zambiri.

Palinso nkhani ya kulemera. Chimpanda cha mapaipi ochindikala chimatha kulemera ngati thumba la chimanga la makilogalamu 50, mwinanso kuposa. Thumba limeneli mwalipachika pamphuno penipeni pa galimoto, ndipo silitsika usana ndi usiku. Masipuling'i a kutsogolo amafooka, mashoko ndi matayala amatha msanga, nyali zimaloza pansi, ndipo mafuta amapita ambiri. Ngati owotchererawo atseka kutsogolo ndi lata kapena mapaipi othithikana, mpweya wopita kurediyeta umachepa. Zotsatira zake mudzaziona mukukwera Chiweta kapena Khwekhwerere mwezi wa Okutobala, nthunzi ili tolotolo, inu muli kakasi m'mbali mwa msewu.

Nkhani yokokera galimoto m'matope nayo ili ndi ngozi yake. Opanga galimoto zamtunduwu adaika ngowe zokokera zomangidwa ndi mabawuti olimba pachasisi penipeni, ndipo chingwe chiyenera kumangidwa pamenepo. Paipi yowotcherera pamsika siidayesedwe kuti ingapirire mphamvu yochuluka bwanji. Thirakitala kapena lole ikakoka mwamphamvu, powotchererapo pamatha kuthothoka, chitsulo n'kuuluka pamodzi ndi chingwe. Amene amakhala pafupi nthawi imeneyo ndi achinyamata a m'mudzi amene abwera kudzakuthandizani kukankha. Pomanga bampala yatsopano onetsetsani kuti ngowe zija zilipo, n'zosapindika, ndipo bampala siikuzitseka.

Tikudziwa kuti alipo ena ochepa amene ntchito yawo ndi ya m'tchire ndithu, monga ogwira ntchito ku Nyika, ku Kasungu, ku Liwonde kapena ku Majete, komwe nyama zikuluzikulu zimadutsa mumsewu. Anthu otere zilipo zitsulo zopangidwa ndi makampani monga ARB ya ku Australia, zimene zimapangidwira mtundu umodziumodzi wa galimoto, zimayesedwa kuti zigwirizane ndi airbag, ndipo zimamangidwa ndi mabawuti pa mabulaketi otha kukhwinyata. N'zodula kwambiri, ndipo ngakhale zimenezo sizimuchitira chifundo woyenda pansi ngati bampala ya kufakitale. Amene sangakwanitse kugula zoterezi, yankho lake si kupangitsa chongofanana nazo maonekedwe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sitikulimbana ndi abale athu owotcherera. Ndi amisiri amene matauni athu amawadalira pa ngolo, mageti, mafelemu a zitseko ndi mawindo. Pagalimoto pomwe pali ntchito zambiri zabwino zimene angagwire. Angathe kuwongola bampala yachitsulo ya galimoto yachikale itachotsedwa, kupanga keriya ya pamwamba, kapena kudula chitsulo choteteza pansi pa injini kumiyala, chimene sichivulaza munthu aliyense. Chimene tikuwapempha n'chakuti kasitomala akabwera kudzafuna mapaipi a kutsogolo, azimuuza zoona. Mmisiri weniweni amadziwika ndi ntchito imene wakana, osati imene walandira yokha. Ana awonso amadutsa mumsewu womwewo.

Mukapeza bampala yoyenera, kumanga kwake n'kubwerera m'mapazi momwe mudamasulira. Lowetsani mabawuti onse ndi manja kaye, osalimbitsa iliyonse. Imani chapatali muone ngati mipata ya kumanja ndi ya kumanzere ikufanana, kenaka mulimbitse mosinthanasinthana. Gwiritsani ntchito mabawuti ake omwe, ndipo ngati ena adathyoka gulani olimba, aja olembedwa 8.8 kapena 10.9 pamutu, osati ofewa omangira zitseko za khola. Pamene penti idasendeka pakanipo ina kuti dzimbiri lisalowe. Bwezerani mapulagi ndi nambala puleti, batire likhale lomaliza. Mukaliza galimoto, nyali ya airbag iyake masekondi ochepa n'kuzima. Madzulo walitsani nyali pakhoma muone ngati zikuloza mofanana. Pakatha sabata mukuyenda m'misewu ya mabampu, yesaninso mabawuti onse ndi sipanala.

Pempho lathu likupitanso kwa akuluakulu. Nthambi ya boma yoona za pamsewu ya Directorate of Road Traffic and Safety Services, imene imapereka chiphaso cha COF, iziyang'anitsitsa zimene anthu akumangirira kutsogolo kwa galimoto, monga momwe imayang'anira mabuleki, nyali ndi matayala. Bungwe la TEVETA, limene lakhala likuyang'anira maphunziro a ntchito zamanja kuyambira mu 1999, lionetsetse kuti achinyamata ophunzira kuwotcherera ndi umakaniko akumva chifukwa chake bampala imapangidwa yofooka dala. Makampani a inshulansi azifunsa za zitsulozi polembetsa galimoto. Ndipo boma, mipingo ndi mabungwe, amene ali ndi galimoto zambiri zamtunduwu, akhale oyamba kuonetsa chitsanzo, maka pa galimoto zimene ntchito yake ndi ya m'tauni.

Koma chigamulo chenicheni chimapangidwa pakhomo. Galimoto ndi chuma cha banja lonse, choncho amayi musangokhala chete bambo akamakambirana ndi anzawo za mapaipi. Funsani kuti: "Kodi bambo, chitsulo chimenechi chikamenya mwana wa aneba, tidzawauza chiyani makolo ake?" Inunso anyamata amene mumathandiza kugwira sipanala, phunzirani ntchitoyi pamodzi ndi chifukwa chake. Ndipo tonse tikumbukire kuti chitetezo chotchipa kuposa zonse chili kuphazi la dalaivala. Liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu ya kugunda imawirikiza kanayi. Amene amachepetsa liwiro pamsika, pasukulu ndi pomwe pali ziweto amasunga bampala yake zaka zambiri popanda paipi ngakhale imodzi.

Choncho tikuti konzani galimoto yanu pakhomo, ndipo muinyadire ntchito ya manja anu. Thirani mafuta dzulo lake, chotsani batire, yezani chasisi, gulani bampala yake yeniyeni ndi lisiti lake, mumange bwino. Ikadzaswekanso chaka chamawa mudzadandaula ndalama, koma ndalama zimapezeka ndipo bampala ina idzagulidwa. Mbuzi ikafa mumakambirana ndi mwini wake kwa amfumu, nkhani n'kutha. Koma palibe galaja imene ingabweze mwana amene wagundidwa ndi paipi m'mutu. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mawu amenewa tiziwakumbukira posankha chimene tikuika kutsogolo kwa galimoto zathu.